Wodwala wa pa Tebulo

Ndinkachokera ku wodi ya ana, usiku wonse osagona,
fumbi la Okutobala lili m'mano,
nditapeza mlongo wanga Malizani
atang'amba mimba ya kompyuta yake pa tebulo lodyera.
Akuti ikudwala.
Akuti akaipatsa kanema wa ukwati wa ku Kamwendo,
maola anayi, makamera atatu,
imatentha, mafani n'kumalira ngati chigayo,
kenako zii, mkwatibwi asanafike pakhomo la tchalitchi.

Ndinati, ipatse panado.
Sanaseke.

Kuseri kwa kalendala ya chaka chatha
anali atajambula njira ya madzi ndi pensulo:
thanki pamwamba, pampu pansi pake
kuti isameze mphepo ikamadzuka,
kuchoka apo kukwera ku kachitsulo ka mkuwa
kogona pa ubongo wa makinawo,
kutsikira ku khadi la zithunzi,
lija anagulitsira njinga yamoto,
kenako rediyeta, pomwe madzi amatula kutentha,
ndi kubwerera m'thanki.
Anafufuta kanayi.
Pepala linabooka pomwe paipi inkakana kukhota.

Zida zinabwera modontheza, miyezi isanu,
zina pa basi yodutsa pa Mwami,
zina m'chikwama cha mnzake wa ku Lilongwe.
Rediyeta yoyamba anaibweza.
Akuti mkuwa ndi aluminiyamu zikamwera chikho chimodzi
zimadyana mwakachetechete.
Madzi a pampopi ayi, a pamjigo ayi,
ndere imamera ngakhale m'nyumba ya galasi.
Anagula aja othira m'batire ya galimoto, mabotolo awiri.

Ine ndinkangofuna tulo.
Koma ndinaima, kumuona akuthira,
pampu yokha ili moyo, zina zonse atazula kumagetsi,
mapepala ofewa atayala pansi pa mfundo iliyonse
kudikira dontho loti limuneneze.
Ndipo ndinakaona:
kathovu kamodzi, kukula ngati nzama,
katakhala pakhosi pa paipi,
pampu ikukhosomola.
Iye akugwedeza bokosi lonse, thukuta kamukamu.

Ndinati, suntha.

Zaka khumi ndi chimodzi ndathamangitsa thovu lotere
m'timapaipi ta diripi, pambali pa mikono yowonda ngati bango,
ndi tochi ya foni pakamwa magetsi akathima.
Sulimbana nalo.
Umapendeketsa pang'ono,
umagogoda ndi chikhadabo, kho, kho, kho,
kulisonyeza kumwamba komwe likufuna kale.

Kanakwera. Kanakaphulika m'thanki osamveka.
Pampu inasiya chifuwa.

Malizani anandiyang'ana nthawi yaitali.
Pakhomo pano ndine wogula sopo ndi mayunitsi a magetsi;
sanafunsepo zomwe manja angawa amachita usiku.

Tinadikira tsiku lathunthu, mapepala ali ouma.
Magetsi anathima pakati, tinayambiranso kuwerenga.
Lachitatu madzulo analumikiza zonse.
Mkwatibwi wa ku Kamwendo analowa m'tchalitchi,
anatuluka, anavina, azakhali ake anafupa mpaka chikwama pululu,
nambala ya pakona ili pa makumi asanu ndi ziwiri,
osakwera.
M'chipindamo munangomveka kamtsinje kochepa
kozungulira mwakemwake.

Ndinaika kuseri kwa dzanja pa rediyeta
monga ndimachitira pa chipumi cha mwana.
Yofunda chabe.
Ndinakumbukira Tinyade wa pa bedi la kuzenera,
amene kutentha kwake kunakana kutsika Lolemba
ngakhale tinamupukuta ndi nsalu yonyowa mpaka tambala woyamba.
Thupi lake linalibe chojambula kuseri kwa kalendala,
linalibe poti ungagogode.

Nthawi inakwana. Ndinavala nsapato zoyera.
Malizani anafunsa, koyamba chiyambireni,
ngati angandiperekeze kuchipatala.
Njinga anagulitsa.
Tinayenda wapansi,
mapiri a Mchinji akuda kale,
iye akufunsa kuti diripi imodzi imatha maola angati.