Shifiting'i ya pa Limbuli

Ndabwera kumsika ndi nati yanga,
ndaimanga pamfundo ya chitenje limodzi ndi ndalama.
Idachoka pampopi wa m'mudzi mwathu.
Ngodya zinayi zidaperepeseka, zatsala ziwiri.
Idazidya ndi shifiting'i ya chaka chatha,
ija yonyezimira ngati malata atsopano,
idaterereka tsiku lachitatu
n'kundisiyira chipsera pa chala cha mkombaphala.

A Khoviwa ayala zitsulo zawo pasaka,
pakati pa maloko, matochi ndi mabelu a njinga.
"Mayi, akutumani ndi bambo akunyumba?"
Ine duu. Ndanyamula yoyamba,
ndaigwedeza pafupi ndi khutu:
wayawaya, ngati nandolo wouma m'makoko.
Chitsulo cholongolola chisanagwire ntchito
ndidakhala nacho kale.
Ndaibweza pomwe inali.

Yachiwiri njaikulu, mkono wathunthu,
ya amakaniko a mathirakitala a ku esiteti.
"Iyi ndiye yamphamvu," akutero eni malonda.
Mphamvu ndaziona, bambo,
koma kuseri kwa mpopi wathu kuli kampata kochepa,
simenti uku, paipi uko,
dzanja langa lomwe limalowa chammbali.

Yachitatu yabisala pansi pa zinzake,
yotuwa, yopanda chokopa maso,
kutalika kwake kungoposa chikhatho pang'ono.
Koma kulemera! Kakang'ono kotere?
Ndapukusa kagudumu ndi chala chachikulu,
kakuyenda kosakakamira, kosathamanga,
nsagwada zikusendererana pang'onopang'ono
mpaka zakumana.
Ndaikweza m'mwamba, kuloza kuphiri
kumene mitambo yang'ambika pang'ono:
pakati pa nsagwadazo kuwala sikukudutsa.
Ndathothola tsamba m'kope la komiti,
ndalilumitsa, ndakoka.
Pepala lang'ambika, koma silinapulumuke.

Anyamata a kabaza aima kundionerera.
Wina akuseka, wina watsamira chishalo, sakuseka.

Tsono ndamasula mfundo, nati ili padzanja.
Ndaigwiritsa pa ngodya ziwiri zotsala zija,
ndathina, ndatekesa nsagwada ya m'munsi.
Nji! Ngakhale kusuntha.

"Imeneyo mtengo wake ndi wina, mayi."
Ndimadziwa.
Atchula mtengo, m'mimba mwanga mwachita thibu.
Ndalamazi si zanga:
makomo makumi anayi ndi atatu adasonkha,
mayina ali m'kopemu, ena adadinda chala.
A Namulepa adagulitsa nanazi zisanu,
Elufe adapatula pa za tiyi amene adathyola mvula ili pamsana.
Ndikagula chonyezimira n'kusunga chenje
adzandiyamika lero madzulo,
mwezi wamawa tidzakhalanso pamzere ku Muloza
ndowa zili pamutu.

Tanenerera, tanenerera.
Atsitsa pang'ono, ine ndakweza pang'ono,
pakati patsalabe dzenje.
Ndamasula mfundo ina, ya kabaza wobwererera,
ndakwirira dzenjelo.

Akundikulungira m'nyuzipepala yakale,
mawu atsika tsopano:
"Kodi zimenezi mudaphunzira kuti?"
Ndawaonetsa chala.
Agwedeza mutu, atambasula dzanja lawo lamanzere,
chikhadabo chimodzi palibe.
"Pomasula muzikokera kwa inu, osakankha.
Nsagwada yosayendayo ndiyo izisenza katundu.
Mukatha, kadontho ka oyilo pakagudumupo."
Zimenezo ndimazidziwa,
koma ndathokoza ngati ndazimva lero.

Chiperoni chatsika ndisanapitirire masitolo.
Ndikuyenda wapansi m'mphepete mwa tiyi,
zovala zanyowa, patapata akuterera m'matope ofiira,
njinga zikundipitirira, mabelu ngelengele.
M'thumba la juzi kachitsulo kakundigunda pantchafu
phazi lililonse ndikaponda.
Milungu itatu mpopi uja ukuchucha usiku wonse,
pansi pake pamera ndere, abakha asandutsa dziwe lawo.
Kukada ndisanafike
Elufe andiunikira ndi foni.