Botolo la pa Depoti

Ndinagula ndine, Mjura.
Pa depoti, Lachiwiri, mvula yamawawa ikugwa mokayika,
mnyamata wa chimkuzamawu ankatchula matenda
ngati kondakitala woitanira a ku Karonga:
nyamakazi, shuga, msana, kuthamanga kwa magazi.
Ndinakumbuka mawondo ako
pa chitunda cha ku Masasa, makala ali panjinga.
Ndinapereka ya tomato wa tsiku lonse.

Kapu m'mawa, kapu madzulo.
Unkachita tsinya, uku ukuti chowawa ndiye chochiza.

Sabata yachitatu m'kamwa munabuka zilonda,
phala lenileni n'kusanduka tsabola.
Kenako matuza pamsana, pachifuwa, m'khwapa,
ofewa, kungowakhudza aphulika,
khungu n'kusendeka ngati la mbatata yophika.
Malaya ako a kwaya anamatirira.
Ndinawanyowetsa ndi madzi ofunda, n'kuwadula ndi lumo.
Sunalire. Unangoluma pilo.

Anansi anagawana nkhani pampopi:
uyu akuti wapondera, uyo akuti ndi matenda aja.
Mlongo wako anachoka ku Ekwendeni ndi botolo linanso.

Ku chipatala chachikulu anakudula kachikopa
kochepa ngati njere ya mpunga.
Titabwerera, dokotala anati,
asilikali a m'thupi mwanu asokonekera mutu,
akugumula mpanda umene anaikidwa kuulondera.
Mwamwapo chiyani posachedwapa?

Unandiyang'ana.
Unati, palibe.

Ndinalitulutsa m'chikwama ndekha,
lopanda dzina, madzi akuda atatsala pansi.
Analiyang'ana powala, analinunkhiza.
Kulumbira sindingalumbire, mayi,
koma nthawi zina zotere n'zimene zimawadzutsa.
Asamwenso.

Mwina, Mjura. Akuti mwina.
Mawu amenewa ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.

Tsopano mapiritsi akufufumitsa nkhope,
ana akuti wanenepa.
Usana umakhala m'neti kuthawa ntchentche,
chifunga cha Juni chikalowa, bulangete limakuluma.
Matuza atsopano sabata ino ndi awiri okha.
Ndimawerenga ndine, pakuti kumsana suona.

Dzulo ndinadutsanso pa depoti.
Chimkuzamawu chija chikadalira.
Mayi wina ankamasula mfundo ya chitenje,
kuwongola ndalama zake imodzi imodzi.
Ndinaima pambali pake, dengu lili pamutu.
Ndinatsegula pakamwa.
Anandifunsa mtengo wa tomato.