Makiyi M'khosi

Zaka khumi ndi ziwiri ndinabereka dengu,
osati mwana ayi, dengu,
m'mizere ya tiyi kumunsi kwa phiri,
chiperoni chikundilowa m'mafupa.
Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga,
mpaka zala zinayamba kuthyola ndili m'tulo.
Kapitawo Namakhwa ankandidziwa ndi nambala.
Sikelo ndiyo inkanena ngati ndagwira ntchito.

Tsiku lomwe ndinatula dengu lija
ndinali ndi za chipeleganyu zomanga pansalu
ndi mtima wogunda ngati wa mbava.
Ndinachita lendi kachipinda pa Limbuli,
khomo kuyang'ana msewu wa ku Muloza:
sopo, mchere, machesi, mafuta oyeza m'timabotolo,
ndi buledi wobwera pa njinga ya Dafuleni.

Lero belu silindiitana.
Pa maliro a malume ku Chisitu ndinakhala masiku atatu
osapempha chilolezo kwa munthu.
Pobwera ndinapeza loko wozizira,
buledi atachita nkhungu,
makasitomala atazolowera khomo la mnzanga.

Kale pa fotinaiti, kaya mvula kaya dzuwa,
kenakake kankagwa m'dzanja.
Lero malipiro anga ndi phazi la wodutsa:
likakhotera kuno, tadya;
likapitirira, tagonera madzi.

Pansi pa kauntala pali kope.
Musalitsegule, muli abale anga.
Alamu anga a Mulipa: shuga, shuga, mabatire, shuga.
Mayi a kwaya: "Lachisanu, mwana wanga."
Lachisanu lake ndi liti, adziwa ndi Mulungu.
Ndikakana, ati ndalama zamukuza mtima.
Ndikalola, mashelefu amachita magweru.

Nditafolera nyumba ndi malata
kunamveka manong'onong'o ku mjigo:
mkazi yekha, wopanda bambo, malata?
Wakhwimira ameneyo, ali ndi kanthu m'nsupa.
Kanthu kangako ndi tulo tomwe sindigona
powerengera katundu yemwe wakwera mtengo ku Limbe
ine nditagulitsa kale pa mtengo wadzulo,
ndi Lolemba la banki mkhonde
lomwe limafika msanga kuposa masiku onse.

Komabe.
Sabata yatha Esinala wanga anabwera ku holide,
yunifolomu ya sekondale, nsapato zakuda zopolisha,
anakhala pa kileti ya zakumwa
nandikonzera masamu m'kope lija.
Fizi yake inatuluka muno,
m'machesi, m'timapepala ta mchere,
pang'onopang'ono, monga ndinkathyolera tiyi.
Anafunsa: "Amayi, pa mwezi mumapindula zingati?"
Ndinaseka mpaka misozi.
Ndinati, funsa a Mulipa.

Anzanga a kumunda amadutsa m'mamawa,
mapulasitiki m'chiuno, mame m'miyendo.
Nasiyaya amandikuwira, "Abwana!"
Sadziwa kuti bwana ameneyu
ndi yemwe amasesa, yemwe amasenza makatoni,
yemwe amalondera ndi khutu limodzi usiku wonse,
ndipo malungo akamugwira
palibe womulembera tchuthi.
Masiku ena ndimasirira dengu lake.
Iye akaweruka, waweruka.
Ine ntchito imanditsatira mpaka pamphasa.

Koma andiuze lero kuti bwerera,
malo ako alipo pamzere,
ndingayang'ane mashelefu anga amagweruwa,
sikelo yanga yaing'ono yomwe ndimawerenga ndekha,
dzina langa lolembedwa ndi penti wotsala pamwamba pa chitseko,
lopindika, chilembo chimodzi chosowa,
ndipo ndingati: pitani bwino.

Usiku ndimatseka, loko ndimamukoka kawiri,
phiri lili phee m'mtambo wake.
Makiyi ndimavala m'khosi pa chingwe cha nsapato.
Ndi opepuka kuposa dengu,
koma dengu ndinkalitula madzulo.
Awa ndimagona nawo
akundizizira pachifuwa,
ndipo mawa, tambala asanalire kachiwiri,
wondidzutsa ndine ndemwe.