Kabokosi ka Inde

Fomu ili ndi masamba atatu.
Awiri oyamba ndawadutsa ngati msewu wa phula:
dzina, Fulugensio Kachigamba;
mudzi, kuseri kwa Bembeke;
galimoto, kalole ka matani awiri, kamene kanali koyera,
kotsika ndi mbatatesi ndi kabichi ku Golomoti,
kokwera ndi mango ndi fumbi.

Tsamba lachitatu ndiye chitunda.
Kodi muli ndi matenda amene angakusokonezeni poyendetsa?
Khunyu, mtima, shuga, maso?
Pansi pake timabokosi tiwiri,
nyerere singagone m'menemo n'kutambasula miyendo:
inde, ayi.

Kunja nkhungu yatsika m'phiri,
yameza Dedza kuyambira kudepoti.
Mtsikana wa inshuwalansi, baji yake ikuti Rozina,
akuotha manja pa kapu ya tiyi.
Sakundifulumiza.
Akanandifulumiza bwenzi nditanama kale.

Ayi ndi wotchipa. Ayi alibe mafunso.
Dyesoni wa pa Lizulu anandiuza dzulo:
iwe, zam'magazi n'zam'magazi,
iwo akufuna za matayala,
chonga ayi ukamate sitika pagalasi.

Koma Dyesoni kunalibe ku Khwekhwelere
Lachinayi lija mu Okutobala,
m'mimba muli mapiritsi okha chichokere m'bandakucha.
Pakona ina msewu unasanduka iwiri.
Manja ananjenjemera pachiwongolero ngati obwereka,
thukuta lozizira dzuwa lili paliwombo.
Ndinaponda buleki,
kapena mwendo unaponda wokha, sindikudziwa.
Tayala lakumanzere linaima
pomwe udzu uthera, phompho n'kuyamba.

Sitefano, mnyamata wokweza katundu,
anang'amba paketi ya shuga
ya mayi wina amene tinamutola pa Masasa,
n'kundithira m'kamwa ngati mwanapiye.
Mayiyo anali ndi khanda pamiyendo.
Khandalo silinadzuke n'komwe.
Paketiyo ndinalipira, chenje osafunsa.

Tinapangana ndi Sitefano kuti zathera pompo.
Nangozo mpaka lero akudziwa
kuti tsiku lija tinachedwa ndi tayala.

Kabuku ka kuchipatala kali m'thumba la jekete,
kopinda pakati, kothimbirira ndi girisi.
M'menemo adokotala amalemba zoona
ndi dzanja loti munthu sungawerenge.
Pano akufuna ndilembe ndekha,
poyera, n'kusainira.

Ndikuwerenga m'mutu:
fizi ya Agatha ya teremu yachiwiri,
ngongole ya matayala kwa mmwenye,
mbatatesi zimene sizidikira munthu.
Akandikana, kalole kaima,
nkhuku ziyamba kuikira pansi pake.
Akandilola ndi bodza,
tsiku lina adzabwera ndi tepi yoyezera phompho,
adzafunsa kuchipatala,
n'kuuza Nangozo kuti pepalali silinali kanthu,
mwamuna wanu anachonga ayi.

Cholembera chawo n'chomangirira ndi ulusi kutebulo.
Ngakhale icho sakuchikhulupirira.

Ndachonga inde.
Mwamphamvu, mpaka pepala kubooka.
Pamzere wa m'munsi ndalemba: shuga, zaka zinayi.
Ndadikira kuti denga ligwe.

Rozina waika kapu pansi,
wawerenga ndi chala,
wati, mubweretse kalata ya adokotala,
akaone ndi maso omwe, Lachiwiri amakhalapo.
Mtengo tikambirana mukabwera nayo.
Basi.
Zaka zinayi ndikusenza mtolo
woti iye waunyamula ndi sitepula.

Ndili pachitseko wanditchula dzina.
Watsegula dirowa, watulutsa maswiti awiri.
Bambo anga amaika mu dashibodi, akutero,
osati m'chikwama, chikwama chimakhala kutali.
Kenako waitana wotsatira.

Kunja nkhungu sinachoke.
Sitefano wakhala pamatumba, manja m'khwapa.
Atipatsa? wafunsa.
Lachiwiri, ndamuyankha.
Ndalowa, ndaika maswiti pomwe dzanja lifikira,
ndaliza injini,
ndipo m'malo mokhotera ku msika
ndakhotera kwathu.
Pali fomu ina, yopanda timabokosi,
ikundidikira pakhonde, ikusankha nyemba.