Chitofu cha Dailesi

Lachiwiri, magetsi athawa kusanache.
Kapata yense wadzuka ndi utsi wa mbaula,
ine ndaima pa chitofu cha gasi
ngati mlendo wosadziwa pokhala.
Ndapotoza. Tha-tha-tha-tha.
Chikuthetheka, koma moto kulibe.

Dailesi ali ku Katete, sabata yachitatu tsopano,
akudwazika mng'ono wake m'chipatala.
Ndamuimbira. Mawu ake akufika odukaduka
ngati msewu wakumudzi nthawi ya dzinja.

"Nyamulani silinda, mumve kulemera kwake."
Ndanyamula. Msana wavomera kuti gasi alimo.
"Nanga kampopi kapamwamba mwatsegula?"
Ndakhala chete.
Waseka, kuseka kwake kuja kwa m'mphuno,
kumbuyo kwake namwino akuitana dzina la wina.

Wayaka, koma mbali imodzi yokha,
lawi lotsimphina, lachikasu ngati papaya wakupsa,
likunyambita ketulo n'kusiya mwaye.
"Munaphika chiyani dzulo?"
Mkaka.
"Unasefukira?"
Pang'ono.
"Pang'ono wanuyo ndimamudziwa.
Zimitsani, dikirani chizizire.
Chotsani kachipewa kakudako,
tibowo tonse mutiyendere, kamodzikamodzi.
Singano ili m'chitini cha mabisiketi, pansi pa mabatani.
Kamtengo ayi, kamathyokera momwemo.
Mukatsuka muumitse, mubwezere mosapendeka."

Ndakhala pakhonde, magalasi pamphuno.
Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana masamu,
koma sindinadziwe kuti m'nyumba mwanga momwe
muli tibowo makumi anayi ndi tiwiri
timene mkazi wanga amatokosa Loweruka lililonse
ine ndikukuwira mpira pa wailesi.

Madzulo kwabwera kafungo.
Sikochokera kungalande, kapena kwa aneba;
kafungo ka kabichi woiwalika m'thumba,
kakukwawa pansi ngati mphaka wakuba.
Foni yafa. Magetsi sanabwere.
Dzanja lapita lokha pa bokosi la machesi,
ndalibweza ngati lakhudza njoka.
Mawu ake ali m'makoma muno:
moto ayi, switchi ayi,
tsekani silinda, tsegulani mazenera ndi chitseko,
mphepo ya ku Kanjala ilowe isese.

Fungo litatha, ndasungunula sopo m'kambale,
ndapaka thovu paipi yonse ngati ndikumeta ndevu,
ndatsegula pang'ono, ndagwada, ndapenyetsetsa.
Apo! Pafupi ndi kachitsulo komanga,
thovu likufufuma, likuphulika, likufufumanso.
Paipi yang'aluka mwakachetechete,
monga zimachitira zinthu zotumikira nthawi yaitali
popanda wozifunsa kuti zadzuka bwanji.

Usiku umenewo ndadya buledi ndi madzi.

M'mawa ndakwera njinga yahayala kutsikira kumashopu.
Mnyamata wogulitsa, Malizani, wandiyang'ana kawiri:
"Amayi ali kuti? Paja amagula okha,
ndipo amakana paipi yopanda chidindo."
Ndati ndipatse imene iwo sangaikane.
Wayeza mita imodzi ndi theka, wawonjeza tomangira tiwiri,
wandionetsa pomanga, wandibwerezetsa
ngati mwana wa giredi wani.

Ndamanga. Ndapakanso thovu. Lagona phee.
Ndapotoza. Tha-tha, bvuu!
Nkhata yathunthu yabuluu,
yopanda dzino loguluka,
ikupuma mofatsa pansi pa ketulo.

Ndaimba kuti ndidzitame. Sanayankhe.
Ndaimbanso. Ili kungolira.
Madzi ayamba kung'ung'udza, mtima nawonso.
Kenaka kauthenga kalowa:
"Zelipa wamwa phala lero, masupuni asanu.
Chitofu chili bwanji?"

Ndalemba mawu ambiri, ndafufuta onse.
Ndalemba: chayaka.
Ndachepetsa moto monga amachitira iye,
ndipo potsanulira tiyi
ndapeza kuti ndatulutsa makapu awiri.