Dzino Lomezanitsa

Ndine womezanitsa mitengo kuno ku Bvumbwe.
Zaka makumi awiri ndakhala ndikumanga nthambi yachilendo
pa tsinde la mwini dothi,
kukulunga ndi pulasitiki, kudikira kuti zigwirane.
Ndiye atandiuza kuti aika kachitsulo m'nsagwada mwanga
sindinadabwe kwenikweni.
Ndinangofunsa: kodi fupa limalola mlendo?

Linalola.
Linatha miyezi inayi likuganizira,
ine ndikuseka chophimba pakamwa ngati wakuba,
kenako linamukumbatira.

Dzino langa lobadwa nalo linatsala pamsewu wa ku Makwasa
tsiku lomwe njinga yanga inakangana ndi mbuzi,
ine n'kuweruza mlanduwo chafufumimba.

Zaka zisanu ndi zinayi lakhala nane dzino logulali.
Laluma mapeyala, laba nzimbe mobisa,
laimba nawo besi m'kwaya,
lajambulitsa pa ukwati wa mwana wanga popanda wolizindikira.

Lachiwiri lapitali ndinatola mtedza wa makademiya,
wa mtengo womwe ndinamezanitsa ndekha,
ndipo ndinachita ulesi kufuna mwala.
Thee!
M'dzanja langa munagwa kachibenthu koyera
ngati ka kapu ya alendo.

Usiku umenewo tulo tinandizemba.
Lilime, kapitawo wosatopa uja,
linkapita kukayendera pamalo a ngozi
n'kubwerako ndi lipoti lomwelomwelo.
Kodi aboolanso fupa?
Kodi mlomo utupanso mpaka ana andithawe?
Nanga ndigulitsa chiyani?
Ulendo uja inapita ng'ombe ya mkaka,
ndipo Felesiya sanaiwale:
mpaka lero amati ndimatafunira ng'ombe yake.

M'mawa mlamu wanga Namakhwa anabwera ndi nzeru zake.
Akuti chitsulocho chachita dzimbiri,
chinyezi cha Thyolo sichisiya ngakhale khasu.
Akuti ndili ndi mwayi kuti mphenzi sinandipeze,
munthu woyenda ndi msomali m'mutu nyengo ya dzinja.
Ndinamuseka.
Koma m'minibasi ya ku Limbe, mitambo itada,
ndinatseka pakamwa.

Dokotala Chimenya anagogoda, anagwedeza, anajambula,
n'kundionetsa chithunzi chakuda:
kamsomali kanga kali chiimire m'fupa,
njo, ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kwacha.
“Tsinde lili bwino, bambo Mukhova.
Dzimbiri palibe. Chasweka ndi chisoti chokha.
Timasula, tiyeza, tiveka china. Kuboola ayi.”
Tsinde. Anatero yekha, ine osamuuza ntchito yanga.

“Koma nkhama zafiira apa. Mumatsuka m'mipatamu?”
Ndinati eya.
Anandiyang'ana momwe ndimayang'anira mnyamata
wonena kuti wathirira mbande, dothi lili gwa.

Kenako anatulutsa mndandanda wa mano pakathabwa,
kuyambira loyera ngati laimu
mpaka lofiirira ngati chitsa chakale.
Ndinaloza loyeralo, poti ndalama ndi zanga.
Anapukusa mutu:
“Anzakewa amwa tiyi zaka makumi asanu.
Ili lidzakhala ngati munthu wovala zaukwati pamaliro.”
Tinatenga lachitatu kuchokera kumapeto,
la mtundu wa banja lathu.

Likhalitsa bwanji? ndinafunsa.
Anati zidalira zomwe ndililumitse.

Mtengo wake si ng'ombe. Ndi mbuzi zitatu.
Felesiya wawerenga m'khola kawiri
ndipo wati zipite, mtundu wake ndi womwe unayambitsa.

Tsopano ndili ndi longogwirizira, sabata ziwiri,
ndikutafunira mbali imodzi ngati ndikusunga chinsinsi.
Ndabwerera ku nazale.
Dzulo mphepo inathyola nsonga ya mbande ina,
Sipiliyano n'kufuna kuizula yonse.
Ndinamugwira dzanja:
yamba waona pansipo, mwana iwe.

Iye anangoyang'ana thumba la ovolosi yanga lomwe lalendewera,
n'kufunsa chomwe ndayamba kuyendera ndi mwala.