Kupyola pa Ziro

Kuseri kwa msika wa pa Boma,
pakati pa telala ndi wogulitsa matayala akale,
Twaibu ali ndi tebulo la miyendo itatu ndi njerwa.
Masana amakonza mawailesi a eni.
Usiku, magetsi akakumbuka Mangochi,
amavundukula kabokosi kake ka mawaya.

Womugwirira tochi ndine.
Utsi wa mtovu ukundiyabwa m'mphuno,
iye akuphunzitsa ngati ndamufunsa:

"Muno muli timitima tiwiri, Asiyatu.
Aka kamayimba. Aka kamakankha kanzake,
kukakweza, kukatsitsa,
kambirimbiri usanaphethire.
Kakakankha mopitirira, koyimbako kamatsika,
kutsika, mpaka pa ziro.
Choyamba chomwe ndinapanga chinkaima pomwepo
ngati wakabaza wothedwa mpweya pa chitunda cha ku Chowe.
Mawu n'kupotoka, nyimbo n'kusochera."

Waloza kachitsulo ndi chala cha zipsera.

"Ichi sichiima ayi.
Chikafika pa ziro chimatembenuka,
funde n'kuyenda chafutambuyo
m'mapazi ake omwe.
Khutu silidziwa kuti chabwerera.
Tamvera."

Wapotokola.
Chalira ngati belu la njinga logwera m'chitsime,
kenaka ngati rimu yomenyedwa pa sukulu,
kenaka kulira komwe ndilibe nako dzina
m'Chiyao ngakhale m'Chichewa.
Koma kunsi kwa phokoso lonselo
liwu limodzi lili chiimire, osapendeka.

Agalu a kwa Mponda ayankha.
Telala wamenya lata: anthu tigone!

Ine ndakumbuka tsiku lomwe anatsika
basi ya obwezedwa ku Joni,
zaka zisanu ndi ziwiri zili m'jumbo imodzi:
malaya awiri, buku lopanda chikuto,
ndi timatabwa tobiriwira timeneti.
Pa depoti anthu anayang'ana jumboyo,
n'kuyang'anana.
Miyezi itatu sanatuluke m'nyumba.
Phala ndinkalisiya pakhomo, n'kukalitenga litazizira.
Tsiku lina ndinangomva fungo la mtovu.

Za kumeneko sanenapo,
inenso mlongo wake sindifunsa.
Ndimangowongola tochi akati, "Apa."

Magetsi athima pakati pa liwu.
Latsetsereka, lazilala,
watsala udzudzu wokha.
Tochi nayo yafiira, mabatire atha.
Mumdimamo zala zake zikadali pa chopotokolera,
ndipo ndikumumva, pansipansi,
akung'ung'udza kuyambira pomwe lalekera.